Mwayi umayenda mumsewu wa tala

Ku Clapton, kum'mawa kwa mzinda wa London, kunali kashopu kogulitsa katundu wakale: mipando, matebulo, mawailesi ndi zina zimene eni ake anatopa nazo. Woyendetsa shopuyo anali Mmalawi, Esau Mwamwaya, wobadwira ku Mzuzu koma wokulira ku Lilongwe, yemwe anapita ku England mu 1999. Tsiku lina munalowa mnyamata wa ku France, Etienne Tron, akufuna njinga yotchipa. Anamvana mtengo, macheza anakoma, ndipo Tron anaitanira wogulitsayo kuphwando kunyumba kwake. Kumeneko Esau anakumana ndi Johan Hugo wa ku Sweden, mnzake wa Tron m'gulu lokonza nyimbo la Radioclit, lomwe situdiyo yake inali pafupi ndi shopuyo.

Anamuitana kusitudiyo poganiza kuti apeza woyimba ng'oma. Anapeza mawu. Mu 2008 atatuwa anatulutsa nyimbo zoyamba pa intaneti, zaulere, Esau akuyimba m'Chichewa, ndipo zinafalikira kwambiri. Chaka chotsatira, pansi pa dzina lakuti The Very Best, anatulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa, momwe munayimbanso M.I.A. ndi Ezra Koenig wa gulu la Vampire Weekend. Chichewa chinamveka m'maholo a ku Ulaya ndi ku America, pamaso pa anthu amene sakanatha n'kuloza komwe Malawi pamapu.

Nanga Tron akanakagula njinga kwina? Funsoli limandisautsa, chifukwa yankho lake n'losavuta: mawu a Esau akanakhala omwewo, okoma chimodzimodzi, koma akanamveka kwa ogula mipando okha.

Tikamakamba za anthu aluso amene zinawayendera, Amalawi timagawika pawiri. Ena amati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa; amene wafika pamwamba ndiye kuti analimbikira, amene watsala pansi ndiye kuti anachita ulesi. Ena amangoti "anachita mwayi ameneyo", kapena amapitirira n'kunena kuti anakhwima. Oyambawo amanyoza osauka aluso amene alimbikira moyo wawo wonse osapeza kanthu. Achiwiriwo amafufuta zaka zonse zimene munthu anakhetsa thukuta. Esau asanakwere ndege anali atayimba ng'oma m'magulu a ku Lilongwe kwa zaka, mpaka kuyimba limodzi ndi malemu Evison Matafale. Atamuika kutsogolo kwa maikolofoni ku London sanachite kuphunzira kuyimba tsiku lomwelo. Koma n'zoonanso kuti ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi kuli anzake amene anakhetsa thukuta lofanana, ndipo palibe anabwera kudzagula njinga.

Ine ndimakhulupirira kuti mwayi ulipo ndithu, ndipo sitiyenera kuchita nawo manyazi. Chimene ndimakana n'chakuti mwayi umagwa paliponse mofanana. Uli ndi njira zake zimene umakonda kudutsa, uli ndi nyengo zake, ndipo ukaziyang'anitsitsa njirazo umapeza kuti zambiri anazilambula ndi anthu.

Zaka zinayi ku Wimbe

Nkhani ya William Kamkwamba aliyense amaidziwa, koma ambiri timaikamba mothamanga, ngati kuti mnyamata anamanga makina Lolemba, Lachiwiri n'kukwera ndege. Tiyeni tiichedwetse.

William anabadwa mu 1987, nakulira ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi ndipo anasiya sukulu ya sekondale. Anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya kwawoko, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Ndi mitengo ya bulugama, njinga yakale ya bambo ake, dayinamo ndi zitsulo zotola kudzala, anamanga makina ake mu 2002 ali ndi zaka 14, ndipo babu linayaka. Anthu ena m'mudzimo ankati wapenga.

Kenako kunali zii. Makinawo anazungulira zaka zinayi, akuwalitsa nyumba ya kwawo ndi kutchajira anthu mafoni, dziko osadziwa kanthu. William anakhalabe kunja kwa sukulu nthawi yonseyo. Mu 2006 akuluakulu a ntchito yophunzitsa aphunzitsi ya MTTA, imene inaika mabuku mu laibulale ija, anabwera kudzayendera, naona chinsanja chachilendocho. Dr. Hartford Mchazime wa ku MTTA komweko anabwera kudzadzionera yekha, nabweretsa atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhaniyo kumapeto kwa chakacho. Munthu wina wogwira ntchito ku Lilongwe anaiika pa intaneti, Emeka Okafor, wokonza msonkhano wa TEDGlobal, anaiona, ndipo mu 2007 William anaima pamsonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, m'dziko la Tanzania, akulankhula Chingerezi chochepa chimene anali nacho. Buku lake, lolembedwa mothandizana ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009. Anamaliza maphunziro ku Dartmouth College mu 2014. Ndipo filimu ya Chiwetel Ejiofor inatuluka mu 2019.

Werengani manja amene nkhaniyi inadutsamo: woika mabuku mu laibulale, woyendera sukulu, mtolankhani, wolemba pa intaneti, wokonza msonkhano. Dzanja limodzi likanasowa, tcheni chikanaduka. Ndipo taonani nyengo yake. TEDGlobal inachitikira mu Africa chaka chimenecho, miyezi yochepa chabe nkhaniyo itatuluka, okonza ake ali kalikiliki kufunafuna achinyamata a nzeru zatsopano. Makanema a TED anali atangoyamba kuikidwa pa intaneti mu 2006. Mnyamata wina akanamanga makina omwewo mu 1985, mbiri yake ikanathera pa T/A Wimbe.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi laibulale ija. Siinamere yokha. Panali anthu amene anakhala pansi n'kugwirizana kuti mabuku apite kusukulu za kumidzi, osadziwa kuti adzawerenga ndani. Chimene William anachiona ngati mwayi chinali ntchito ya munthu wina ya tsiku ndi tsiku.

Kubadwa msanga, kubadwa mochedwa

Pa nkhani ya nthawi, palibe chitsanzo choposa agogo athu a Giddes Chalamanda. Anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, ndipo ayimba gitala ndi banjo kuyambira dziko lino likutchedwa Nyasaland. Ayimba m'malo omwera mowa, m'misika, m'maukwati, kulandira zimene omvera aponya. Nyimbo yawo ya Buffalo Soldier inkanena za khumbo lokaona America, ndipo khumbolo linakwaniritsidwa mu 2016, ali ndi zaka 86, pamene anthu akufuna kwabwino anawathandiza kupita kukayimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington.

Mu 2020 Patience Namadingo, amene ankajambula nyimbo zosakaniza ndi oyimba akuluakulu angapo, anakhala pansi ndi a Chalamanda n'kuyimba nawo nyimbo zawo zakale m'kayimbidwe ka reggae. Kachigawo ka nyimbo ya Linny Hoo kanalowa pa TikTok, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 atolankhani a AFP ankanena kuti kaonedwa koposa ka 80 miliyoni. Achinyamata a ku Asia ndi maiko ena ankavina nyimbo ya gogo wa ku Chiradzulu amene analibe n'komwe foni yoonera zimenezo.

Nyimboyo inali yakale yomwe ija. Mawu a nkhalambayo, ngati anasintha, ndiye kuti anatsika mphamvu poyerekeza ndi zaka zawo za unyamata. Chinasintha n'chakuti kunabwera chipangizo chimene chimakonda kachidutswa kafupi kokoma, ndiponso matenda a Covid-19 anali atatsekera anthu ambiri m'nyumba, maso ali pafoni. Timasangalala nawo, ndipo n'koyenera. Komabe tisaiwale kuti mwayi wofika munthu ali ndi zaka 90 suli ngati wofika ali ndi zaka 30. Sangayendenso maiko miyezi itatu akuyimba usiku ndi usiku. Zaka zimene akanamanga nazo chuma cha ana ndi zidzukulu zinapita kale.

Ndipo a Chalamanda anachita mwayi wina umene sitiutchula: anakhala ndi moyo mpaka nthawiyo inakwana. Allan Namoko wa ku Thyolo, woyimba banjo wosaona amene ankatsogolera Chimvu River Jazz Band, anali ndi mawu amene ukawamva kamodzi sungawaiwale. Wailesi ya MBC inkaulutsa nyimbo zake dziko lonse, aliyense ankamudziwa, koma anamwalira mu 1995 ali wosauka, intaneti isanafike m'manja mwa anthu wamba. Ndikamamvera Lameki lero, sindikayika kuti dziko lapansi likanamukonda monga likondera oyimba achikulire a blues a ku Mali kapena ku Mississippi. Anabadwa msanga, basi.

Nthawi imathanso kukomera munthu. Lucius Banda anakulira mu Alleluya Band ku Balaka, pansi pa mkulu wake Paul. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chinatuluka m'nyengo ya referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, anthu ali ndi ludzu lomva wina akunena mokweza zimene akhala akunong'ona kwa zaka makumi atatu. Makaseti anali atatchipa, mawailesi a kaseti ali m'nyumba zambiri ndi m'maminibasi. Nyimbo ngati Mabala ikanatuluka zaka khumi m'mbuyo mwake, sikanadutsa ku bungwe la Censorship Board, ndipo mwini wake akanatha kutsata njira ya Jack Mapanje, amene anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kulimba mtima kunali kwa Lucius mwini. Chitseko chinatsegulidwa ndi ena ambiri, kuphatikizapo maepiskopi amene analemba kalata yawo ya mu 1992.

Amene ali m'mbali mwa msewu

Tsopano yang'anani kumene anthu athu aluso "anapezeka". Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a kwela a ku Chileka, anakumana ndi katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, mu 1967 akuyimba mumsewu mu Blantyre, ndipo kuchokera apo nyimbo zawo zinafika ku Ulaya. A Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa zapamitengo m'mbali mwa msewu waukulu cha ku Balaka pamene Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli anaima ndi galimoto mu 2011. Chimbale chawo He Is #1 chinatuluka mu 2012, ndipo chaka chotsatira anakayimba ku WOMAD ku England. Lazarus Chigwandali ankayimba m'misewu ya Lilongwe pamene kanema wake anafika kwa Johan Hugo, yemwe uja wa ku London, amene tsopano ankaidziwa Malawi kudzera mwa Esau. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band ankayimba babatoni ndi gitala ya nsambo zinayi m'misewu ya mzinda womwewo.

Onsewa ndi amuna. Onsewa anali pamsewu wa tala kapena mumzinda. Ndipo pafupifupi onse anadikira mlendo wochokera kunja, wonyamula chojambulira.

Sindikunena izi ponyoza alendowo. Kubik anakhala bwenzi la banja la Kachamba kwa moyo wonse, ndipo zambiri zimene tikudziwa za nyimbo zawo tikuzidziwa chifukwa cha iye ndi mnzake Moya Malamusi. Chimene chimandiwawa n'chakuti ife eni dziko tinkawadutsa anthu amenewa tsiku lililonse. Tinkawaponyera makobidi n'kumapita. Tinayamba kuwatcha akatswiri titamva kuti akwera ndege.

Nkhani ya Madalitso Band ili ndi phunziro lina. Amene anayamba kuwamva ndi kuwajambula anali Mmalawi, Emmanuel Kamwenje, mu 2009. Koma ulendo wawo woyamba wakunja, ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, unachitika mu 2017. Pakati pake pali zaka zisanu ndi zitatu zongoyimbabe mumsewu, dzuwa ndi mvula, chimbale chili m'manja koma moyo osasintha. Ambiri akanagulitsa gitala n'kuyamba kabaza, ndipo palibe akanawadzudzula, pakuti ana amafuna nsima lero. Apa ndi pamene khama ndi mwayi zimakumanirana: khama silibweretsa mwayi, koma limamusunga munthu pamalo pamene mwayi ungamupeze. Vuto n'lakuti kudikira kumafuna chakudya. Mwana wa munthu wopeza bwino angathe kuyesa nyimbo, zojambula kapena zolemba kwa zaka khumi akudya kwa makolo. Mwana wa mlimi wa ku Nsanje amapatsidwa chaka chimodzi, mwina osakwana.

Nanga amayi? Nyimbo za pamtondo, za chinamwali, za chimtali ndi chisamba zapekedwa ndi amayi kwa mibadwo, zina zanzeru zakuya kuposa zambiri zimene timamva pawailesi. Koma mayi wopeka nyimbo sakhala pamphambano ndi gitala. Ali kudimba, kuchigayo, kumjigo, ndipo akati akayimbe mumsewu kapena m'bala anthu amamunena. Galimoto ya wojambula imamudutsa patali.

Chimene chinachitika kundende ya Zomba chikuonetsa kukula kwa zimene timataya. Brennan ndi Delli analowa m'ndendemo mu 2013 ndi zojambulira. Amuna anali ndi bandi yawo ndi zida. Amayi, amene anali ochepa kwambiri, analibe zida, ndipo poyamba ankakana kuti iwo sapeka nyimbo. Atalimbikitsidwa, mmodzi anayamba, ena n'kutsatira, ndipo gawo lalikulu la chimbale cha I Have No Everything Here ndi nyimbo zawo. Chimbalecho chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, koyamba m'mbiri ya Malawi. Amayi aja sakanapezeka mwangozi ngakhale patapita zaka zana. Panafunika munthu wolowa dala, wofunsa, wosakhutira ndi yankho loyamba.

Mwayi ukafika, pepala lili ndi yani?

Pali mbali ina imene achinyamata olota "kuphulika" pa TikTok saiganizira. Kutchuka ndi kupindula ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mwayi ukhoza kukufikira iwe koma phindu lake n'kupita kwa wina.

Mu 1939, mu situdiyo ya kampani ya Gallo ku Johannesburg, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo yotchedwa Mbube. Inagulidwa kwambiri kum'mwera kwa Africa kuno. Linda anapatsidwa masheleni khumi, umwini wa nyimboyo n'kupita ku kampani. Mbale ya nyimboyo inafika ku America m'manja mwa Pete Seeger, amene anaiyimba ndi gulu la The Weavers pansi pa dzina lakuti Wimoweh. Mu 1961 gulu la The Tokens linaisandutsa The Lion Sleeps Tonight, ndipo mu 1994 inalowa mu filimu ya The Lion King. Inapanga mamiliyoni a madola. Linda anamwalira mu 1962 ali mmphawi, ndipo ana ake anadzapeza chilungamo pang'ono mu 2006, pambuyo pa nkhani imene Rian Malan analemba m'magazini ya Rolling Stone mu 2000 ndi mlandu umene unatsatira.

Palibe nyimbo ya mu Africa imene inachita mwayi kuposa imeneyo, ndipo palibe mwayi umene unapindulira mwini wake zochepa chotere. Kuno kwathu bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira 1992, ndipo lamulo latsopano la umwini wa zaluso linakhazikitsidwa mu 2016. Koma bungwe silingatolere ndalama za nyimbo imene sinalembetsedwe, ndipo mamiliyoni a anthu oonera kanema pafoni sasanduka okha ndalama m'thumba la woyimba ngati palibe amene anaika nyimboyo m'dzina lake kumakampani ogawa nyimbo pa intaneti. Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku limene nyimbo yaphulika si tsiku loyamba kufunsa kuti kodi mwini situdiyo uja tinagwirizana zotani. Ndimalakalaka woyimba aliyense, ngakhale wa kwaya ya kumudzi, akanamadziwa kuti pepala losainirana ndi mbali ya luso lake, mofanana ndi kuchuna gitala.

Kulambula njira zina

Ngati mwayi uli ndi njira, ndiye kuti tingathe kuwonjezera njirazo. Ena ayamba kale. Trésor Mpauni, wothawa kwawo ku Congo amene amadziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014 mkati mwa kampu ya Dzaleka ku Dowa, malo amene wofufuza luso sakanaganiza zopitako. Lero anthu zikwizikwi amakwera kupita ku Dzaleka chaka ndi chaka, ndipo achinyamata a mukampumo amayimba, kuvina ndi kulakatula pansanja imodzi ndi oyimba otchuka. Music Crossroads ku Area 23 mu Lilongwe yaphunzitsa achinyamata ambiri amene makolo awo sakanatha kuwagulira n'komwe gitala. Lake of Stars, kuyambira 2004, yakhala malo amene oyimba athu amakumana ndi anzawo akunja mwadongosolo, osati mwangozi.

Koma tatayanso malo. Amene anakula mu Blantyre akukumbukira French Cultural Centre, kumene Lamlungu masana unkapeza zisudzo, ndakatulo ndi magulu oyimba, ndipo wachinyamata wosadziwika ankatha kutsegulira katswiri pansanja. Malowo atachoka m'manja mwa a ku France mu 2011 anawonongeka, nakhala zaka zambiri ali bwinja. Palibe angawerenge kuti ndi angati amene akanaonekera pamenepo m'zaka zimenezo. Bwalo likatsekedwa sipamveka kulira, chifukwa amene ataya mwayi sadziwa kuti autaya.

M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'midzi ya Nyasaland ndi galimoto yodzaza makina olemera, kujambula azeze, abangwe ndi amayi a pamtondo, ndipo zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Ntchito imene inkafuna galimoto yathunthu lero ikutheka ndi foni yabwino ndi maikolofoni imodzi. Tili ndi mawailesi a m'madera: Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, ena ku Nkhotakota ndi ku Mzimba. Ali pafupi ndi anthu, amadziwa mafumu, amadziwa kumene kuli gule. Wailesi iliyonse itamatuma mtolankhani mmodzi pamwezi kumudzi wakutali ndi tala, kukafunsa kuti kuno amapeka nyimbo ndani, amasema ndani, amalakatula ndani, ndi kufunsanso kachiwiri amayi akayamba akana, tikanamva zinthu zimene sitinazilote. Wojambulayo alembe dzina lenileni la mwini nyimbo, mudzi wake ndi tsiku, amuthandize kulembetsa ku COSOMA, ndipo asachoke asanamusiyire kope lake.